Mawu a bambo anga amene sindinawamve

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Dzina langa ndine Dalitso, mwana wa malemu a Fabiyano amene ankagwira ntchito m'fakitale ya tiyi. Ena mumandikumbukira ndikupita ku yunivesite nditapachika chikwama chatsopano. Ena mumandikumbukira ndili gone m'ngalande pa Chitakale. Onsewo ndine.

Ndinakulira m'malayini a pa esiteti. Makolo a bambo anachokera kutsidya kwa malire, kuseri kwa Milanje. Bambo ndi mayi ankayankhula Chilomwe akafuna kuti anafe tisamve, koma ife ankatiyankhula Chichewa. Ine sindinkadandaula. Kusukulu anzathu ankaseka kayankhulidwe ka Alomwe, ndiye ndinkachithawa.

Nditasankhidwa kupita ku yunivesite, bambo anavina pabwalo anthu akuona. Ndinatenga maphunziro a zilankhulo ndi za mayiko a chigawo chathu chino. Anali maphunziro osakaniza. Kuti upatsidwe digiri unkayenera kukhoza mbiri, za malo, ndale za mayiko oyandikana nafe, chilankhulo chimodzi cha ku Ulaya, komanso chilankhulo china cha kuno kwathu chosakhala Chichewa. Chomalizachi chinali ndi mayeso apakamwa. Ukagwa pa chimodzi, zonse zinkaima.

Ndinasankha Chipwitikizi ndi Chilomwe. Chipwitikizi ndinachikonda, chinkandipatsa ulemu pakati pa anzanga. Chilomwe ndinachisankha poganiza kuti chili kale m'magazi, sichifuna kuvutikira. Kalasi yake ndinkajomba.

Tsiku la mayeso apakamwa, aphunzitsi anandipatsa moni m'Chilomwe, ndinayankha. Kenako anayamba kucheza nane ngati mmene anthu amachezera pakhonde. Ndinangomva phokoso. Anabwereza pang'onopang'ono. Sindinatolepo kanthu, ndipo ndinagwa.

Anandipatsa mwayi wina, ndinagwanso.

Ndinapita kwa mkulu wa dipatimenti kukadandaula. Ndinawauza kuti zina zonse ndakhoza, ndipo Chipwitikizi ndaposa kalasi yonse. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, "Digiri imeneyi imati munthu wadziwa dera ndi anthu ake. Popanda chilankhulo chawo sindingasainire. Mudzabwereze chaka china."

Anzanga anavala mikanjo. Ine ndinakwera minibasi ya ku Mulanje.

Bambo sanandikalipire. Anati, "Usadandaule. Ndikamaweruka tizicheza m'Chilomwe, chaka cha mawa ukalembenso." Ine ndinamva ngati akundiseka. Ndinawayankha kuti sindinapite ku yunivesite kuti ndizidzaphunzitsidwa ndi munthu wa m'fakitale. Anangotenga chipewa chawo n'kupita kuntchito.

Ndinayamba kukhala pa Muloza. Ndinkamasulira Chipwitikizi kwa amalonda owoloka malire, ndipo chimene ankandipatsa chinkathera ku kachasu. Ndinkamwa kuti ndisaganize. Ndikadzuka maganizo aja ankakhala akundidikira.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti bambo agwa kuntchito. Anali matenda a sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa. Mayi anali atamwalira kale, mlongo wanga ali ku Joni. Wowasamalira ndinali ine.

Atatsitsimuka kuchipatala, Chichewa chinali chitachoka m'kamwa mwawo. Chinatsala ndi Chilomwe chokha, chotuluka movutikira pamilomo yopotoka. Namwino anandiuza kuti zimachitika, nthawi zina munthu amatsala ndi chilankhulo chimene anayamwira. Anandifunsa ngati ndimachimva. Ndinati eya.

Anatitulutsa, tinabwerera kunyumba yathu ya kampani m'malayini muja.

Abale, apa ndi pamene pali povuta kunena. Masabata anapita bambo akubwereza mawu omweomwewo. Ankamenya mphasa ndi dzanja lamoyo lija, maso ali pa ine, misozi ikutsikira m'makutu. Ine ndinatsimikiza kuti akunditemberera. Ndinkaganiza kuti akuti, mwana wolephera, mwana wamwano, taona pamene wandifikitsa.

Ndinkawamwetsa phala, n'kuwapukuta mofulumira osawadzutsa pamphasapo n'komwe, nkhope nditayang'ana kumbali. Kenako ndinkakoka chitseko n'kupita kukamwa. Anthu a m'malayini akabwera kudzazonda, ndinkawaimitsa pakhomo n'kunena kuti agona. Ndinkaopa kuti wina amva zimene akunena za ine.

M'mawa wina kunabwera a Alufeyo, mkulu wa mpingo uno, amene amayendetsa kabaza. Akhala kumbuyoko. Iwo ndi bambo ankaimbira limodzi kwaya ali anyamata. Nditanena kuti agona, anangotsamiritsa njinga kukhoma n'kulowa.

Anagwada, n'kuika khutu pafupi ndi pakamwa pa bambo. Bambo anabwereza mawu aja. A Alufeyo anatembenukira kwa ine.

"Dalitso, akuti uwatembenuze. Akuti msana ukuyaka."

Basi. Mawu ake anali amenewo. Masabata onse aja.

Tinawatembenuza. Chimene ndinaona sindingachinene m'nyumba ya Mulungu. Chilonda chinali chitadya mpaka mkati. Kuchipatala adokotala anatiuza kuti matenda alowa kale m'magazi. Sanandifunse kanthu. Zikanakhala bwino akanandimenya.

Ndinatuluka m'chipatala n'kuyamba kuyenda. Inali nthawi ya dzinja, mtsinje wa Ruo utadzaza. Ndinakaima pamlatho masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akudutsa ndi mitolo yawo. Mumtima mwanga munalibe phokoso lililonse. Ndinkangoona kuti munthu ngati ine sayenera kudya, sayenera kupatsidwa moni, sayenera kuona mawa. Ndinavula nsapato.

Ndinamva belu la njinga kumbuyo. Anali a Alufeyo, akupuma movutikira.

"Vala nsapatozo. Bambo ako akukuitana."

"Ndikawauza chiyani?"

"Palibe. Iwo ndi amene akufuna kuyankhula. Kwera."

Ndinakwera chifukwa ndinalibe mphamvu zokana.

M'wodi muja bambo anali atagonekedwa chammbali. Atandiona anatambasula dzanja. Ndinagwada pansi pa simenti. Anaika dzanjalo pamutu panga n'kuyamba kuyankhula, nthawi yaitali, akupumira. Pa zonsezo ndinatolapo mawu awiri okha. Muluku, ndiye kuti Mulungu. Mwanaka, ndiye kuti mwana wanga.

Atatopa ndinayang'ana a Alufeyo.

"Akukupempherera," anatero. "Akumuuza Mulungu kuti akusunge, poti iwo sathanso."

Ndinalira ngati mwana wakhanda, odwala onse akuona. Munthu amene ndinamusiya akupsa pamphasa ankandipempherera. Pamenepo ndinazindikira pang'ono chimene abusa amatanthauza akamati chisomo. Pambali pa bedi lomwelo ndinati, Ambuye Yesu, ngati mumatola zinthu ngati ine, nditoleni.

Bambo anamwalira sabata yomweyo.

Sindikunamizani kuti zonse zinasintha tsiku limodzi. Kampani inatenga nyumba yake, monga mwa lamulo. A Alufeyo anandipatsa kachipinda kwawo. Maliro atatha ndinabwereranso ku mowa, osati kamodzi. Iwo ankabwera kudzanditola, osanena zambiri, mawa lake n'kundidzutsa kuti tipemphere. Pang'onopang'ono ludzu lija linachepa, mpaka linachoka. Si ine ndinalichotsa.

Pano Lachinayi lililonse, amayi a mvano akamaliza mapemphero, ena amatsala n'kumacheza nane m'Chilomwe. Amandiseka ndikaphonya, ine n'kubwereza. Ku yunivesite akuti ndikhoza kubwerera kukayesanso. Mwina ndidzakhoza, mwina ayi. Digiri ndilibe mpaka lero. Ndipo ngakhale nditadzaipeza, munthu amene ndinkayenera kumumva kulibe. Masiku ena ndikamva mawu atsopano ndimadzifunsa ngati anali m'pemphero lija. Sindidzadziwa. Zimenezi zimandiwawa m'mawa uliwonse, ndipo Mulungu sanandichotsere ululu umenewu. Anangondiletsa kufa nawo.

Pa chimenechi ndimutamanda. Ndimutamanda chifukwa Iye sanalephere kumva bambo anga pamene ine ndinalephera. Anamva kubuula kwawo pamphasa paja, anamvanso kwanga pamlatho, pamene ndinalibe mawu m'chilankhulo chilichonse. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Mwina alipo wina muno amene watseka chitseko, akuuza anthu kuti zonse zili bwino. Mwina mukuganiza kuti kumwamba kukuchokera matemberero okhaokha pa inu, ndiye mukuthawa. Inenso ndinkaganiza choncho, ndipo ndinkamva molakwa. Musadikire kuti mufike pamlatho. Tikamaimba nyimbo ikubwerayi, dzukani mubwere kuno kutsogolo. Ngati mulibe chonena, bwerani chomwecho. Tigwada nanu.

Ameni.