Mbiri ya Bambo Pius Sikwese, Wojambula Magirafu a Zaulimi

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1958 ku Kaseye, ndipo anawatcha Pius Sikwese. Ine amene ndaima pano ndine Frackson, mkulu wawo. Pulayimale anaphunzira ku Kaseye konko, sekondale ku Karonga.

M'chaka cha 1979 anayamba ntchito, nandipeza mu ofesi ya zaulimi, momwe ndinali nditagwira kale ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Ndine ndinawaphunzitsa kujambula magirafu a mvula ndi zokolola pogwiritsa ntchito rula ndi inki. Mu 1983 anamanga banja ndi Mayi Justina Namsukwa.

Mu 1990 ofesi inalandira kompyuta imodzi. Pofuna munthu wokaphunzira ku Lilongwe, mabwana anasankha iwo, ine ndili pomwepo. Atabwerako, girafu yomwe inkanditengera masiku atatu ankaimaliza tiyi asanazizire. Pulogalamu yake inkayala mizere n'kuika mivi ndi mawu ofotokozera pamalo pake, pepala osada. Alendo ochokera ku likulu ankaima kumbuyo kwawo n'kumaonerera. Pa tebulo langa ankangoikapo zipewa.

Mu 1992 mvula inakana. Malemu anajambula girafu ya chimanga, mzere wake wotsika, ndipo kumapeto kwake anaikako muvi ndi mawu akuti njala. Posakhalitsa kalata yopanda dzina inafika kwa akuluakulu, yonena kuti akunyoza boma. Anakhala m'chitokosi masabata atatu, kenaka anawasamutsira ku Nthalire kopanda magetsi. Kompyuta ija anandipatsa ine, koma sindinkadziwa ngakhale poyatsira.

Anayamba kudwala chifuwa mu Febuluwale chaka chino. Msewu unali utaduka ndi mvula, choncho anafika kuchipatala mochedwa. Anatisiya pa 14 Epulo 1993.

Abale ndi alongo, mwakhala mukufunsana kuti kalata ija analemba ndani. Ndinalemba ndine, chifukwa cha nsanje. Ali m'chipatala, malemu anandiuza kuti anazindikira kalembedwe ka dzanja langa tsiku lomwe anawaonetsa kalatayo. Sanauze munthu, ngakhale akazi awo, ndipo ankanditumizirabe nyemba kuchokera ku Nthalire.

Asiya akazi awo, ana atatu, Bessie, Cuthbert ndi Grace, komanso mayi athu okalamba. Tikuthokoza a mpingo, okumba manda, ndi Bambo Mackson amene ananyamula thupi pa thirakitala. Yewo chomene. Alamu anga Mayi Namsukwa, sindikupempha kuti mundiyankhe lero. Mzimu wa malemu uuse mu mtendere umene ine ndinawamana ali moyo.