Ndinabadwira M'chigwa cha Zitsulo

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, achinyamata, ndi inu ana mwakhala pamphasa kutsogoloku, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Mwe uli mose? Eya, Chitonga changa chathera pomwepo, musandiseke, ndikuphunzirabe. Lero mundilole ndiyankhule Chichewa chimene tinakula nacho kunja, chifukwa ndikufuna kuchitira umboni, ndipo sindikufuna lilime lindipunthwitse panjira.

Dzina langa ndine Esita. Ambiri muno mumangonditchula kuti mayi wa ku Zimbabwe uja, ena mumati mwana wa mtchona. Sindikwiya nazo, ndi zoona. Bambo anga anachoka kunyanja kuno nthawi ya chitaganya, ali mnyamata, n'kukathera m'tauni ina ya ku Zimbabwe kumene ankasungunula zitsulo. Ine ndinabadwira komweko, ndinakwatiwa komweko, makolo anga ndinawaika komweko. Imvi mukuzionazi zinamerera komweko.

Ndikuuzeni kaye za malowo, kuti mumvetse kumene Mulungu wandichotsa. Bambo ankati pamene ankafika, mbali yaikulu ya chigwa cha tauniyo inali ikadali tchire, muli anyani, ndi phiri lofiira pakati. Phiri limenelo, abale, linali chitsulo. Phiri lathunthu! Pafupi pake panali miyala ya laimu, kumunsi kwake mtsinje, malasha ankabwera pa sitima. Bambo ankandiuza kuti, "Esita, azungu akuti malo ano anawatulukira ndi iwo, koma amene anasonkhanitsa zonsezi pamalo amodzi ndi Chiuta." Anthu anakhamukira kumeneko kuchokera kuno kwathu, ku Mozambiki, ku Zambia, aliyense ndi chiyankhulo chake. Anagwetsa mitengo, anayala njanji, anaimika ng'anjo zazitali kuposa mtengo uliwonse umene munauonapo. Azungu anamanga nyumba zawo kumtunda, kokoma mphepo, ife m'komboni kumunsi kumene utsi unkagonera. Ukayanika nsalu yoyera m'mawa, masana unkaipeza itafiira. Koma tauniyo inali ndi moyo. Chipatala chinalipo, sukulu, bwalo la mpira, madzi m'mipope. Lipenga la fakitale likalira, chigwa chonse chinkadzuka nthawi imodzi.

Tsiku lina ndili kamtsikana, anatilola mabanja kukaona kumene abambo athu ankagwira ntchito. Anatiimika patali, kuseri kwa mpanda. Ndinaona amuna atavala zovala zolemera, nkhope zitabisika, ndipo mayi anandilozera kuti uyo wa kumapetoyo ndi bambo ako. Anaboola m'munsi mwa ng'anjo. Abale, abale! Munatuluka mtsinje. Mtsinje wa moto, wowala ngati dzuwa la masana, ukuyenda m'ngalande, ukulavula mbaliwali mpaka kudenga. Pansi pankanjenjemera. Kutentha kunkandiwawula nkhope ndili kutali choncho. Mwala, mwala weniweni uwu timapunthwa nawo panjirawu, ukuyenderera ngati madzi! Ndinagwira chitenje cha mayi n'kuyamba kulira, osadziwa chimene ndikulirira. Titafika kunyumba ndinafunsa bambo kuti, "Kodi simuopa?" Iwo anati, "Ndimaopa tsiku lililonse, mwana wanga. Koma ndikaima pamenepo ndimakumbuka kuti moto wonse uja ndi kamtengo ka machesi pamaso pa Iye amene anayatsa dzuwa."

Ife a ku Malawi tinali ndi katchalitchi kathu m'komboni, koma belu tinalibe. Bambo anapempha chidutswa cha njanji kuntchito, anachiboola, anachipachika pamtengo, ndipo Lamulungu lililonse ankachimenya okha mpaka ukalamba wawo. Ine ndinakula ndi kulira kwa chitsulo chimenecho m'makutu.

Tinkaganiza kuti ng'anjo sizingazime. Ndani akanaganiza? Bambo anamwalira zikuyakabe, ndipo ndimathokoza kuti sanaone zimene ife tinaona. Inazima imodzi, anati ikukonzedwa. Inazima ina. Tsiku lina lipenga silinalire, ndipo silinadzalirenso. Amuna anga, amene nawonso ankagwira ntchito momwemo, ankadzukabe m'mawa, kuvala ovolosi, kupita kukakhala pageti kudikira kuti mwina atsegula. Anachita zimenezo kwa zaka, mpaka mtima wawo unaima. M'mipope madzi anauma, tinayamba kutunga m'zithaphwi. Pakati pa njanji panamera mitengo. Anyani aja anabwerera, n'kumakhala pamwamba pa ng'anjo kumatiyang'ana.

Ndinapita tsiku lina kukaima pomwe ndinaima ndili kamtsikana paja. Zii! Dzimbiri lokhalokha, njiwa zikulira m'kati mwa ng'anjo. Ndinachita mantha kuposa tsiku la moto lija. Ndinati, Ambuye, chinthu chachikulu chotere chingathe chonchi? Nanga ine ndine ndani?

Kenaka kunabwera ogula zitsulo zakutha. Anthu, chifukwa cha njala, anayamba kuzula chilichonse: zitseko, mipope, ngakhale mitanda ya kumanda. Lamulungu lina tinafika kutchalitchi, pamtengo paja patangotsala waya.

Mwana wanga wamkazi anamwalira n'kundisiyira mdzukulu, Chipo, uyo wakhala ndi a kwaya apoyo. Chipoyo anadwala m'mimba chifukwa cha madzi aja, mpaka maso kulowa m'kati. Ndinayenda naye kumsana kukapempha thandizo m'maofesi, ndipo pena anandiyankha kuti, "Inu si a kuno, kwanu n'ku Malawi." Ine wobadwira pomwepo! Ndinatuluka panja, ndinati, chabwino Ambuye, ngati kwathu n'ku Malawi, ndiperekezeni Inuyo, chifukwa njira sindiidziwa. Mwana atachira ndinagulitsa bedi ndi makina anga osokera. Za mapepala ndi za m'njira sindinena, zingatidyere tsiku lonse.

Chimene ndinkadziwa chinali chochepa: bambo anga ndi Tomu Banda, kwawo ku Kande. Basi. Za kumudzi sankakonda kukamba, ukawafunsa ankangoyang'ana kumbali. Ndinatsika minibasi pa Kande ndi chikwama chimodzi ndi mwana. Ndinafunsa pamsika. Bambo wina wogulitsa nsomba anandiyankha mwaulemu ndithu, "Ama, a Banda kuno ndi ochuluka ngati usipa. Banda wake uti?" Ndinayenda m'midzi, ndinafika ku Chintheche, mpaka ku Mpamba. Tomu Banda palibe anamudziwa.

Mchemwali wathu uyu, mayi Nachisale, amene amaphika kuloji, nawonso mlendo wochokera ku Dedza, anatipeza titakhala pakhonde la sitolo. Anati, "Mayi, chipinda changa n'chaching'ono, koma mwanayu sangagone panja ine ndikuona." Taimirirani, mayi, anthu akuoneni. Mulungu akudalitseni, akudalitseni ndithu.

Masabata anapita. Mtima unayamba kundifunsa mafunso. Kumene wachoka ndiwe mlendo, kuno ndiwe mlendo, ndiye udzaikidwa kuti? Mwanayu udzamusiyira ndani? Amayi anzanga, mukudziwa mmene funso limenelo limawawira. Ndinayamba kuganiza zobwerera kuchigwa kuja, kuti bola ndikafere pafupi ndi manda amene ndikuwadziwa.

Ndiye Lamulungu lina m'mawa, mayi Nachisale ali kuntchito, ine ndikuchapa kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo mphepo inatembenuka, inkachokera kumtunda kuno. Ndinamva: ngwee... ngwee... ngwee. Sopo anandipulumuka m'manja. Wina anganene kuti chitsulo n'chitsulo, zonse zimalira mofanana. Ayi, abale. Bambo ako akatsokomola pakati pa anthu ambiri, sufunsa kuti watsokomola ndani. Ndinamugwira dzanja Chipo, thovu likadali m'mikono, tinadutsa m'minda ya anthu, tinawoloka msewu, tikutsata kulirako. Tinatulukira pabwalo panjapa. Pamtengo uwo mukuuona pawindowo, chidutswa cha njanji chikugwedezekabe. Ndinachizungulira. Ndinapala dzimbiri ndi chikhadabo. M'mbali mwake munali chizindikiro cha fakitale yathu.

Ndinakhala pansi pafumbi.

A Mhone awa, mkulu wa mpingo wathu, ndi amene anali atangomaliza kumenya chitsulocho. Anandiyandikira ndi ndodo yawo, anati, "Ama, mwadwala?"

Ndinati, "Ada, chitsulo ichi chinafika bwanji kuno?"

Anati, "Ichi? Anabwera nacho Yotamu Longwe, mnzanga wa paubwana. Anabwera kamodzi kokha kuchokera ku Halale, ku Zimbabwe kuja. Tinachisenza awiri pamtengo kuchokera pamene inaima sitima ya pamadzi, mapewa mpaka kusupuka. Ankati chinzake wachipachika kumene amagwira ntchito, kuti akamachimenya kumeneko azidziwa kuti kwawonso chikulira. Anabwerera, osadzaonekanso."

Mtima wanga unagwa, chifukwa dzinalo silinali limene ndinkalidziwa. Ndinati, "Bambo anga anali Tomu Banda."

A Mhone anati, "Masiku amenewo ambiri ankalowa ntchito ndi chitupa cha munthu wina, dzina n'kuwakanirira. Tandiuzani, dzanja lawo lamanzere linali lotani?"

Ndinati, "Chala chaching'ono analibe. Ife tinkati chinadukira kufakitale."

Mkuluyu anavula chipewa, abale. Anati, "Si fakitale ayi. Chingwe cha khoka. Ndinalipo. Ndinamumanga ndine ndi malaya anga."

Aleluya! Ndikuti aleluya, mpingo!

Inu munali mutayamba kale nyimbo yoyamba muno. A Mhone tsiku limenelo sanalowe, abusa muwakhululukire. Anatitenga pang'onopang'ono mpaka kunyumba ina kuseri kwa sukulu, kumene mayi wokalamba ankasenda chinangwa pakhonde. A Mhone anawayankhula m'Chitonga, ine osamva kanthu. Mayiwo anaika mpeni pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Kenaka anakuwa, "Yotamu! Yotamu!" mpaka anthu anatuluka m'nyumba zoyandikana. Anali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, wotsala yekha m'banja lonse. Anandigwira mphumi, anandigwira makutu, anamukokera Chipo pamiyendo pawo, akuyankhula, akulira. Ndinafunsa a Mhone kuti akuti chiyani. Anati, "Akuti, Nyalongwe, mwachedwa kwambiri, koma mwafika." Ndinayang'ana kumbuyo kuti Nyalongwe ndi ndani. Anali ine, mwana wamkazi wa a Longwe. Ndakalamba chonchi, dzina langa lenileni ndinalimva tsiku limenelo.

A Mhone anapitiriza kundimasulira. Akuti munda wa mlongo wawo anthu ambiri anaupempha, iwo ankakana. Ankaulima okha mpaka mphamvu zinatha, kenaka ankangoulambula m'malire, ati mwini wake adzabwera. Anthu ankawanena kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Zaka zonsezo, abale. Zaka zonsezo!

Ine zimenezi zimandiposa nzeru. Ndisanabadwe, ndisanakhale n'komwe m'mimba mwa mayi anga, Mulungu anali atasenzetsa kale anyamata awiri katundu wolemera pamchenga wotentha, chifukwa ankadziwa kuti tsiku lina kudzabwera mayi wamasiye wosadziwa ndi dzina lake lomwe. Anasunga moyo wa a Mhone. Anasunga moyo wa azakhali. Anatembenuza mphepo. Musandifunse kuti zinatheka bwanji. Ndimangogwada.

Musaiwale kupempherera amene atsala m'chigwa chija. Alipo ambiri, ana ndi adzukulu a anthu a kunyanja kuno, ena mwina ndi magazi anu, akutungabe madzi m'zithaphwi, sakudziwa kuti kwawo kuli munda.

Tsopano onani dengu ili pafupi ndi guwali. Ine ndinakulira m'tauni, khasu ndinalidziwira kuno. Manja anatuluka matuza, msana unakana, azakhali ankandiseka atakhala pamthunzi, ati ndikulima ngati ndikupepesa nthaka. Koma ndinabzala. Ichi ndi chinangwa choyamba kuchokera m'munda wa Yotamu Longwe, chokumbidwa ndi mwana wake ndi mdzukulutuvi wake. Sitinalaweko ngakhale chimodzi. Abusa, chilandireni, n'cha Mwini wake.

Zikomo Ambuye. Yewo, Chiuta, yewo. Ndipo inu musangondiyang'ana choncho, ine ndekha sindingakwanitse kuthokoza. Amayi, nthungululu zili kuti? A kwaya, imirirani. Wina akawagwire mkono azakhali anga kumbuyoko, akuti lero avina. Kondwerani nane, abale, kondwerani nane! Amen.