Onse Anangoflasha, Anaimba Mmodzi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wamasiye, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mwana wanga Eneless anatsala pang'ono kundisiya.

Nthawi imeneyo mafoni a m'manja anali atangofika kwathu kuno. Tinali ndi gulu la amayi odzipereka loyendera odwala m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, ndipo tinapangana kuti vuto likagwa tizidziwitsana pafoni. Koma kudziwitsana kwake kunali kuflasha basi. Uyu aflasha, uyo abweza, aliyense kudikira kuti mnzake ndiye aimbe. Misonkhano inafa yokha, poti munthu akaliza foni ya mnzake ankadziyesa kuti wamuzonda.

Kunena zoona, mtima unkandiwawa ndikaona a Namulondo, a tcheya athu. Amuna awo anali a kapitawo, ndipo njinga ya ambulansi ya gulu inkagona pakhonde pawo. Iwo akangotsokomola, amayi ankathamangira kumeneko atasenza nthochi. Ine amene ndinkasambitsa odwala ndi manja angawa, malungo akandigwetsa foni inkangolira kamodzi n'kuduka. Nsanje inandidya, sindikubisa.

Tsiku lina m'mawa, chiperoni chikuwaza, Eneless anayamba kutaya magazi ali woyembekezera. Mayunitsi anga anali ongokwana kuflasha. Ndinaflasha a Namulondo, anabweza. Ndinaflasha anzanga onse, onse anabweza. Nditathamangira njinga ndinapeza pakhonde pali mbee! Amayi atatu anali atanyamulirapo a tcheya, ulendo wa ku Luchenza kukachotsetsa dzino. Ndinagwada m'matope momwemo ndikulira kuti, "Ambuye, kodi dzino la eni laposa mwana wanga?"

Foniyo inali ya malemu amuna anga, ndipo munatsala nambala imodzi ya munthu wosamudziwa: a Jafali, Msilamu woyendetsa matola. Ndinaflasha chabe chifukwa chosowa pogwira. Nthawi yomweyo foni inalira, osaduka.

"Halo, katundu ali kuti?" anafunsa a Jafali. Kwa iwo aliyense woflasha ndi kasitomala.

"Si katundu, bambo. Ndi mwana wanga, akundifera."

"Mufunditseni, mayi. Ndiuzeni laini yake."

Anasiya anthu pa siteji n'kubwera ndi pikapu yopanda munthu, ndipo Eneless anamunyamula okha. Kuchipatala anamwino anati tikanachedwa pang'ono, tikanalira maliro awiri. Lero Eneless ali bwino ndipo mdzukulu wanga akuthamanga. Tsiku lomwelo, tili m'wodi, a Namulondo anandiflasha.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe kudzera mwa anthu amene ndinkawayang'ana ndi diso lofiira, koma mwa mlendo wa chipembedzo china. Inu amene mukuona ngati anzanu okha ndiwo amakumbukiridwa, musafooke, Iye akukumvani. Ndipo mukamva kuti wina wagona ndi matenda, chonde valani patapata mupite.