Mwendo Wofa Unkamva Moto, Woyenda Sunkamva

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno kunyanja ndi a kumtunda komwe. Ndikulemba za chaka chimene miyendo yanga iwiri inadwala mosiyana, mudzi wa kuchikamwini kwanga n'kugamula kuti ndine wakhate. Ntchito yolemba ndinaiphunzira kunyumba yosindikiza nyuzi ku Blantyre, kumene ankatiletsa kulemba zimene sitinaone. Choncho zili panozi ndinaziona ndekha, ndipo zambiri ndinkazilemba m'kabuku tsiku lomwelo.

Ndinakwatira Nabanda kufupi ndi Lifuwu nkhondo itangotha. Mu Okutobala wina, ndikufolera nyumba yathu mvula isanagwe, ndinaterereka pa udzu n'kugwa chagada. Pansi panali thandala loyanikapo usipa. Chichiri chake chosongoka chinandilasa pakati pa msana, cha kumanja kwa fupa. Bala linali laling'ono ngati chikhadabo, ndipo linapola m'masabata atatu. Koma mwendo wamanja unakana kudzuka.

Maso a aliyense anali pa mwendo umenewo. Anautema mphini kawiri. Nabanda ankauthowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, ine n'kumakuwa, chifukwa mwendo wofawo unkamva ululu kuposa kale. Wamanzere tinkautcha wabwino, pakuti unkapinda ndi kutambasuka.

Tsiku lina m'mawa anandikhazika pafupi ndi pamene amayi a pamudzipo ankawamba chambo. Khala lamoto linagwera pamsongolo wa mwendo wabwinowo. Ndinamva fungo la nyama yopsa, ndi kufunsa kuti akuotcha chiyani. Apongozi anga ndiwo anaona utsi ukufuka pa ine.

Kuno aliyense amadziwa kuti munthu wopsa osamva ndi wakhate. A Kachere, malume ake a Nabanda, ndiwo mwini mbumba. Anandipatulira chikho ndi mbale, n'kundimangira kachisakasa kuseri kwa mitengo ya mango.

"Akamwini, sitikudana nanu," anatero ataima patali. "Koma mbumba iyi ndi yanga. Mvula ikatha mubwerere kwanu. Mkazi ndi ana atsala."

Ndinakhala m'kachisakasamo masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ana anga awiri ankandiyang'ana ali patsidya pa kanjira. Ndinkadzifufuza m'manja ndi m'makutu, mawanga osawapeza, koma chilonda chosapwetekacho chinalipo. Ndikuvomereza kuti ndinaleka kutsegula Baibulo. Pemphero linanditsalira limodzi, ndipo silinali lopempha kuyenda. Ndinkati, Ambuye, nditumizireni munthu wodziwa dzina lenileni la nthenda iyi.

Anandiyankha kudzera mwa Msilamu. Che Saidi ankagula nsomba zowamba padoko lathu, ndipo kunkhondo ankamanga mabala a asilikali m'chipatala. Ataona chikho changa chili pachitsa chachokha, anafunsa Nabanda, kenako analowa m'kachisakasa n'kundigwira chanza. Ndinali nditatha masiku onsewo osakhudzidwa ndi munthu.

Anapempha singano, thonje, ndi mabotolo awiri, lina la madzi otentha, lina ozizira. Anaitananso a Kachere kuti adzaone. Atandimanga nsalu m'maso anayamba. Kumanzere thonje ndinalimva, koma singano inali ngati chala chondigunda, ndipo mabotolo onse awiri anali amodzimodzi. Kumanja singano inandipweteka kwambiri. Koma atapinda chala chachikulu cha phazi lamanjalo, sindinadziwe ngati chayang'ana kumwamba kapena pansi. Kenako anakwera ndi singano mbali yamanzere mpaka pamene ndinati yabaya, n'kulembapo mzere ndi khala. Mzerewo unayamba kumsana, n'kudzathera pamwamba pa mchombo, pakati penipeni.

"Bambo Kachere, munaonapo khate loyenda ndi rula?" anafunsa.

A Kachere sanaseke. "Nanga n'chifukwa chiyani akupsa osamva?"

Che Saidi anathyola msana wa chambo, n'kusolola kachingwe koyera ka m'kati mwa fupa. Anati nafenso tili nako, ndipo ndi msewu wa mauthenga pakati pa mutu ndi thupi. Ndilemba monga anafotokozera. Uthenga wolamula mwendo kuti uyende umawolokera tsidya lina kumwamba, pamene mutu umakumana ndi khosi, ndipo ukatero umatsika mbali ya mwendo wake womwewo. Uthenga wouza mutu pamene phazi laima umakweranso mbali yomweyo. Koma uthenga wa ululu ndi wa kutentha ukangolowa mumsana umawoloka pomwepo, n'kukwera mbali inayo. Chichiri chija chinavulaza theka lamanja lokha la kachingweko. Chinatseka njira yoyendetsa mwendo wamanja, n'kutsekanso njira yonyamula ululu wa mwendo wamanzere, popeza ziwirizi zimadutsa pamodzi.

"Ndinaona asilikali awiri otere," anatero. "Wina anayendanso. Inshallah, Mulungu akalola, awa ayenda. Koma khate alibe."

A Kachere anatenga singanoyo n'kundibaya okha, pansi pa mzere ndi pamwamba pake, kasanu. Ndi munthu wosakhulupirira za kumva, ndipo ndimawalemekeza pa chimenecho. Atatha anapita pachitsa, anatenga chikho changa, anatunga madzi n'kumwa anthu onse akuona.

"Nabanda, tenga mwamuna wako," anatero. "Mphasa yake ilowe m'nyumba."

Zotsalazo zinali ntchito. Chilonda tinkachitsuka ndi madzi owiritsa amchere. Nabanda ankapinda mwendo wamanja m'mawa ndi masana monga anatilangizira Che Saidi, ndipo a Kachere anazika nsungwi ziwiri pabwalo zoti ndizigwirira. Chala chinagwedezeka mu Januwale. Mu Marichi ndinaima. Pa Pasaka ndinayenda ndi ndodo mpaka kutchalitchi, mapazi mazana anayi ndi khumi ndi awiri, ndipo ndinawawerenga onse. Ndinakana kukhala pabenchi mpaka nyimbo yoyamba itatha.

Sindinachire kotheratu. Mwendo wamanja ndimaukoka pang'ono, ndipo ndimauyang'ana poyenda kuti ndidziwe pamene waponda. Wamanzere mpaka lero sumva moto, choncho madzi osamba ndimayesa ndi dzanja, ndipo Nabanda amandifufuza minga kuphazi tsiku lililonse. Koma nyumba ija ndinamaliza kuifolera ndekha chaka chotsatira, ndipo ana anga akukula ine ndili pakhomo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayala njira zimenezi mumsana mwa munthu, n'kunditumizira wodziwa kuziwerenga. Ndikuthokoza Che Saidi, ndi mkazi wanga amene sanamasule mtolo wanga wa ulendo chifukwa anakana kuumanga. Inu amene mwapatulidwa chifukwa cha nthenda imene palibe waiyeza, musaleke kupemphera, ndipo musaleke kufunsa. Chikho chija chidakalipo. Chili pamtsuko, ndipo amamwera aliyense.