Ndinakaniza mpiru pa maliro

Aulutsi, muwerenge monga ndalembera. Ndine nkhalamba ya kufupi ndi Embangweni, ndimalima dimba.

Tsiku lina ndinapopera mpiru wanga mankhwala ophera nsabwe za m'masamba, aja onunkha kwambiri. M'mawa mwake mlamu wanga anamwalira. Kwathu kuno ndiwo za pamaliro sakaniza, choncho amayi anabwera ndi madengu kudzathyola. Ine ndinaima pakhomo pa dimba.

Mpongozi wanga anagwada nati, "Adada, ndapota. Titsuka chomene."

Ndinati, "Mankhwalawa amalowa m'kati mwa tsamba, madzi sachotsa. Ukadya masiku olembedwa pabotolo asanakwane, umatuluka thukuta ndi dovu, kenako umabanika."

Mayi wina anakuwa, "Kuumira mpaka pamaliro! Mukadzafa inu, adzakulirani ndi mpiru wanuwo!"

Ndinakatenga nyemba zonse zimene ndinasungira mbewu n'kupereka, ndipo olira anadya zimenezo.

Chaka chimenecho sindinadzale nyemba, ndipo ena sanandipatse moni kwa kanthawi. Zimenezo sizindisowetsa tulo. Anthu anadzaza bwalo lonse pamaliro paja, koma manda tinakumba amodzi okha.