Ukapitawo wa m'Sewero

Pamzere wa pachigayo ku Milonde, amuna awiri ankacheza.

"Mwana wanga anandifunsa kuti, 'Ababa, bwanji munachotsa ntchito mayi woyembekezera uja?'"

"Simunamuuze kuti linali sewero chabe, aneba?"

"Ndinamuuza. Akuti anaona yekha kutchalitchi. Mpaka lero sakundilankhula."

"Ndiye kuti ndinalemba bwino."

"Munalemba bwino, a Winston. Koma ine ndimatchola tiyi ngati inu nomwe. Ukapitawo munandipatsa ndinu."

"Nkhope yanu inkayenera."

"Sewero lotsatira mundipatse malo a munthu wabwino, mwanayo aone."

"Wabwino alimo mmodzi, koma amamwalira koyambirira."

"Amalankhulako?"

"Ayi. Amangogona, anthu n'kumamulira."

"Mwana wanga adzandilira?"

"Ndikulonjeza, aneba. Ndidzamukhazika kutsogolo kwenikweni."