Lole ya a Phungu

Pa siteji ya Nguludi, Bernadetta anakhala pamwala atafunda nsalu kumutu. Bambo wina wodikira minibasi anamuyamba nkhani.

"Mwaiona galimoto yatsopano ya a phungu athu, mayi? Misonkho yathu imeneyo! Chikhalirecho kuchipatala cha kwathu ngakhale panado kulibe."

"Ndikudziwa, bambo. Amuna anga anawabweza kwathuko opanda mankhwala. Pofika nawo kuchipatala cha kuno n'kuti zitavuta kale. Atisiya m'mawa uno."

"Pepani, mayi, pepani kwambiri. Anthu amenewa ndi akuba! Ine ngakhale madzi awo sindingamwe. Nanga thupi mulinyamula bwanji?"

"Ndikudikira lole ya a phungu omwewo. Atumizanso bokosi."

"Inu n'kuvomera?"

"Ndikanatani? Ndiwabereke kumsana mpaka ku Magomero? Mawa pamanda alamu anga aimirira n'kuthokoza kuti tili ndi phungu wachifundo. Ine ndizingoyang'ana pansi."

Bambo uja anasuzumira msewu wopanda kanthu.

"Mayi, loleyo idzera ku Mbombwe? Minibasi sizikuoneka, akuti mafuta asowanso."

"Malo alipo, bambo. Mukhala pambali pa bokosi."